Erddig: Nyumba ya Banja Limene Silinkataya Kanthu

Pakati pa malo osungirako zinthu zakale pali mtundu umodzi umene umasiyana ndi ina yonse, ndipo umenewu ndi nyumba imene banja limodzi linakhalamo kwa mibadwo ingapo, kenaka n'kusungidwa monga momwe eni ake anaisiyira, mipando, mabedi, mbale, mabuku ndi makalata zili m'malo mwake. M'miyuziyamu wamba, katundu amasonkhanitsidwa kuchokera kumalo osiyanasiyana ndi kuikidwa m'makabati a galasi, chilichonse ndi kapepala kake kofotokoza, moti woona amadziwa maonekedwe a chinthucho koma sadziwa bwino moyo umene chinkatumikira. M'nyumba ya banja yosungidwa, mpando umapezeka m'chipinda chimene unkagwiramo ntchito, ndipo nthawi zambiri pamakhalanso chikalata chosonyeza amene anaugula ndi nthawi imene unafika m'nyumbamo. Phindu la nyumba zotere lagona pa kugwirizana kwa katundu, zipinda ndi zolembedwa, chifukwa zitatuzi zikakhala pamodzi zimapereka umboni umene chilichonse mwa izo sichingapereke pachokha.

Chitsanzo chomveka bwino cha nyumba yotere ndi Erddig, imene ili pamtunda wa makilomita pafupifupi atatu kumwera kwa mzinda wa Wrexham, kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Wales. Nyumbayi si yaikulu kapena yokongola kuposa nyumba zina za anthu olemera a ku Britain, koma ili ndi zinthu zakale zokwana pafupifupi 30,000, kuyambira bedi la nsalu za silika mpaka macheka a kalipentala, ndipo imadziwika kwambiri chifukwa chosunga mbiri ya antchito pamodzi ndi ya mabwana awo.

Amene anamanga ndi amene anadzaza nyumba

Nyumba ya Erddig inamangidwa ndi njerwa zofiira pakati pa chaka cha 1684 ndi 1687, ndipo mwini wake woyamba anali Joshua Edisbury, amene anali atangokhala kumene pa udindo waukulu woimira mfumu pa nkhani za malamulo m'chigawo cha Denbighshire. Edisbury anamanga mopyola thumba lake, anakongola ndalama kwa anthu ambiri, ndipo ngongolezo zitamumiza, nyumbayo inagwera m'manja mwa John Meller, loya wolemera wa ku London, cha m'ma 1714. Meller ndiye anaikulitsa poiwonjezera zipinda kumbali zonse ziwiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1720, ndipo ndiyenso anagula katundu wapamwamba amene alendo amamuona lero, kuchokera kwa amisiri odziwika a ku London a nthawi imeneyo. Mu 1726 munalembedwa kaundula wa katundu wa m'nyumbamo, kutanthauza mndandanda wa zinthu zonse chipinda ndi chipinda, ndipo chikalata chimenechi chimathandiza akatswiri kuzindikira kuti zambiri zimene zinalembedwamo zidakalipo patatha zaka pafupifupi 300.

Meller sanakwatire, choncho atamwalira mu 1733 chuma chake chinapita kwa Simon Yorke, mwana wa mlongo wake, ndipo kuyambira pamenepo banja la Yorke linakhala ku Erddig zaka 240. Eni nyumba asanu ndi awiri anatsatizana m'zaka zimenezi, ndipo aliyense wa iwo dzina lake linali Simon kapena Philip, moti olemba mbiri amawasiyanitsa powawerenga kuti woyamba, wachiwiri, wachitatu kapena wachinayi. Wodziwika kwambiri ndi Philip Yorke woyamba, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1743 mpaka 1804, munthu wokonda kufufuza zakale amene analemba buku lofotokoza za mafuko achifumu a ku Wales, lomwe linatuluka mu 1799. Iyeyu anali ndi ndalama zokwanira kuchotsa katundu wa Meller ndi kugula wamakono, monga ankachitira eni nyumba ambiri a m'nthawi yake, koma anasankha kusunga zimene anapeza, ndipo ngakhale pamene anakonza nyumbayo m'zaka za m'ma 1770, anangosuntha zinthu zakale kuchoka m'chipinda china kupita m'china. Khalidwe limeneli linasanduka mwambo wa banja lonse, ndipo m'mibadwo yotsatira linalimbikitsidwa ndi kuchepa kwa ndalama, popeza banja limene chuma chake chikucheperachepera silikhala ndi mwayi wosintha mipando chifukwa chongotsatira fasho.

Kulowera ku khomo la antchito

M'nyumba zambiri zamtunduwu, mlendo amalowera pa khomo lalikulu la kumaso, ngati kuti ndi mlendo wolemekezeka wa mwini nyumba, ndipo mbali ya antchito amaiona pomaliza ngati nthawi ilipo. Ku Erddig, amene anakonza njira ya alendo m'zaka za m'ma 1970 anatembenuza dongosolo limeneli, kotero kuti munthu amayamba wadutsa m'mabwalo a ntchito asanafike m'zipinda za mabwana. Choyamba amaona malo ochekera matabwa, nyumba ya kalipentala ndi nyumba ya wosula zitsulo, mmene zida zili pamalo ake, kenaka amafika ku makola a akavalo ndi kosungira ngolo, kumene kulinso njinga zakale ndi magalimoto a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 amene banjali silinawagulitse atatha ntchito. Kuchokera pamenepo amalowa kochapira zovala, kumene kuli chipinda chochapiramo ndi china choumitsiramo ndi kusitiramo, kenaka kophikira buledi, mpaka kufika m'khitchini.

Dongosolo limeneli limaphunzitsa mfundo imene zipinda zokongola sizingaphunzitse, yakuti nyumba yotere inali ngati mudzi wodzidalira, umene unkacheka matabwa akeake kuchokera m'nkhalango yake, kusula ndi kukonza zitsulo zake, kuphika buledi wake ndi kulima ndiwo ndi zipatso zake. Khitchini imene alendo amaiona inamangidwa m'zaka za m'ma 1770, ndipo poyamba inali yopatukana ndi nyumba yaikulu chifukwa choopa moto, umene unali mdani wamkulu wa nyumba zodzaza ndi matabwa ndi nsalu. Pa khoma lake palembedwa mwambi wachingerezi wochenjeza ophika kuti asamawononge zinthu kuti asadzasowe, ndipo mbale zamkuwa ndi mapoto zaikidwa m'mizere monga momwe ankaziikira. M'njira yopita ku chipinda chodyeramo antchito muli mzere wa mabelu olumikizidwa ndi mawaya ku zipinda za eni nyumba, ndipo belu lililonse likalira, wantchito ankadziwa chipinda chimene akuitanidwako. Mabelu amenewa amasonyeza kuti nyumbayo inakonzedwa mwakuti munthu mmodzi akhale phee pamene wina akukwera ndi kutsika masitepe atanyamula malasha, madzi otentha ndi makandulo.

Zithunzi za antchito ndi malire a umboni wake

Chimene chinatchukitsa Erddig kuposa zonse ndi zithunzi za antchito zimene zili m'chipinda chawo chodyeramo ndi m'njira yoyandikana nacho. M'nthawi imene chithunzi chojambulidwa ndi penti chinali ulemu wa anthu olemera okha, Philip Yorke woyamba analemba ganyu mmisiri wa ku Denbigh, John Walters, kuti ajambule antchito ake m'zaka za m'ma 1790, ndipo pa chithunzi chilichonse analembapo ndakatulo yofotokoza ntchito, msinkhu ndi khalidwe la munthuyo. Pakati pa ojambulidwawo pali Jane Ebbrell, mayi wosamalira m'nyumba amene anajambulidwa mu 1793 ali ndi zaka 87, ndipo amakumbukiridwa ndi ntchito yake yochotsa maukonde a akangaude. Palinso kalipentala Edward Prince, wosula zitsulo William Williams ndi mlonda wa nyama za m'nkhalango Jack Henshaw. Mwana wa Philip, Simon wachiwiri, anapitiriza mwambowu mu 1830 pojambulitsa kalipentala Thomas Rogers, wosamalira munda Thomas Pritchard ndi wosamalira nkhalango Edward Barnes. Kamera itabwera, banjali linayamba kujambulitsa antchito onse pamodzi ataima pa masitepe a nyumba, aliyense atanyamula chida cha ntchito yake, ndipo chithunzi choyamba chotere ndi cha 1852, pamene china chodziwika bwino ndi cha 1912.

Zithunzi zimenezi ndi chuma chosowa, chifukwa antchito a m'nyumba za ku Britain, amene analipo oposa miliyoni imodzi kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ambiri anangosiya maina awo m'mabuku a malipiro popanda wina wojambula nkhope zawo. Komabe woona mosamala amayenera kukumbukira kuti amene analipira ojambula ndi amene analemba ndakatulo ndi mabwana, choncho zimene zili pa khomapo ndi antchito monga mabwana ankafunira kuwakumbukira, okhulupirika, okhalitsa ndi okhutira. Olemba mbiri amene anasanthula mabuku a malipiro a ku Erddig anapeza kuti banja la Yorke linkalipira ndalama zochepa poyerekeza ndi nyumba zina za msinkhu womwewo, ngakhale kuti antchito ena ankakhalitsa chifukwa cha mmene ankawasungira akakalamba. Mu 1907 wophika wamkulu, Ellen Penketh, anaimbidwa mlandu ndi eni nyumba wakuti anaba ndalama zimene anapatsidwa kuti alipire amalonda, ndipo nkhaniyo inafika kubwalo la milandu, kumene anapezeka wosalakwa, koma ntchito yake ku Erddig inathera pomwepo. Pali chithunzi chinanso cha m'zaka za m'ma 1700 chosonyeza mnyamata wakuda atavala yunifomu ndi kunyamula lipenga, amene ndakatulo ya Philip woyamba imamutchula kuti ankatumikira pa ngolo ya Meller, ndipo chimenechi chimakumbutsa kuti m'nthawi ya malonda a akapolo, mabanja olemera a ku Britain ankakhala ndi antchito ochokera ku Africa, amene nthawi zina ankawaonetsa ngati chizindikiro cha chuma chawo. Zonsezi sizichotsa phindu la zithunzizo, koma zimasonyeza kuti umboni wa pakhoma umafunika kuwerengedwa pamodzi ndi umboni wa m'mabuku a ndalama ndi wa m'makhoti.

Zipinda za eni nyumba

Mlendo akakwera masitepe kuchoka kumunsi kumene kunali antchito, amalowa m'zipinda zimene zinakonzedwa kuti zionetse ulemerero wa mwini nyumba kwa alendo ake. Chipinda chodyeramo chinakonzedwanso m'zaka za m'ma 1820 motsatira mapulani a Thomas Hopper, ndipo m'makoma mwake muli zithunzi za eni nyumba. Chipinda chachikulu cholandiriramo alendo chili ndi mipando ya Meller imene matabwa ake anakutidwa ndi siliva wopyapyala ndi kuvekedwa veleveti wofiira, pamodzi ndi akalilole akuluakulu okhala m'mafelemu osemedwa ndi opakidwa golide. Akalilole amenewa anali okwera mtengo kwambiri chifukwa kupanga galasi lalikulu losalala kunali kovuta m'masiku amenewo, ndipo ankaikidwa pakati pa mawindo ndi cholinga chakuti usiku abweze kuwala kwa makandulo m'chipinda chonse. Mlendo amene akudziwa kuti nyumbayi inakhala zaka zambirimbiri yopanda magetsi amamvetsa kuti golide, siliva ndi galasi zinali ndi ntchito yowalitsa chipinda kuwonjezera pa yokongoletsa. Chipinda china chili ndi nsalu zochindikala zopachika pakhoma, zolukidwa ndi zithunzi m'kati mwake, zimene zinapangidwa ku Soho mu London cha m'ma 1720, ndipo zinkakongoletsa komanso kutchinga kuzizira.

Chinthu chamtengo wapatali kuposa zonse ndi bedi laulemu la mu 1720, kutanthauza bedi limene linkasungidwira mlendo wolemekezeka kwambiri ndipo nthawi zambiri linkangokhala lopanda wogonapo. Lili ndi denga lake lalitali ndi makatani a silika wa ku China wopetedwa ndi maluwa, mbalame ndi anthu, ndipo kumutu kwake kuli mbalame zosemedwa zopakidwa golide. M'zaka za m'ma 1770 linasamutsidwira m'chipinda cham'mwamba, chimene makoma ake anamatidwa mapepala a ku China ojambulidwa pamanja. Katundu wotereyu amasonyeza kutalika kwa njira za malonda a nthawi imeneyo, pamene sitima za makampani a ku Ulaya zinkabweretsa silika, mbale zadothi ndi katundu wopakidwa utomoni wonyezimira kuchokera ku Asia mpaka kufika m'nyumba za kumidzi ya ku Wales. M'nyumbamo mulinso laibulale ndi katchalitchi kumene banja ndi antchito ankapemphera pamodzi, aliyense pa malo ake, ndipo pamwamba penipeni, pansi pa denga, pali tizipinda ta atsikana antchito tokhala ndi mabedi wamba ndi mipando imene inatsitsidwa ulemu itakalamba m'zipinda za mabwana.

Kunja, munda wa mpanda umene Meller anaukonza unapulumuka m'njira yofanana ndi katundu wa m'nyumba. Pamene eni nyumba ambiri a m'zaka za m'ma 1700 ankafafaniza minda yakale ya mizere yowongoka kuti apange mabwalo a udzu ooneka ngati achilengedwe, Philip woyamba analola katswiri William Emes kukonza paki yozungulira nyumbayo koma anasiya munda wa mpandawo. Emes ndiye anapanganso malo odziwika kumene madzi a kamtsinje amasonkhana m'beseni lozungulira ndi kugwera m'dzenje la pakati pake. Pokonzanso mundawo m'zaka za m'ma 1970, akatswiri anatsatira chithunzi cha Thomas Badeslade chosindikizidwa mu 1740, ndipo lero muli mitundu ya maapozi yoposa 100, ina yoyanzidwa m'makoma a njerwa kuti ilandire kutentha kwa dzuwa.

Kutitimira ndi kupulumuka

Simon Yorke wachinayi analandira nyumbayi mu 1922 ali mnyamata, pa nthawi imene misonkho ya chuma cha masiye inali itakwera, ndalama za lendi ya minda zitatsika, ndipo antchito atapeza ntchito zina pambuyo pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Iye anakhala moyo wodzipatula, sanakwatire, sanaikemo magetsi kapena telefoni, komanso sanafune kugulitsa katundu ngakhale kuti denga linali kudontha. Vuto lalikulu linachokera pansi pa nthaka, chifukwa mgodi wa malasha wa Bersham, umene unali pafupi, unakumba mpaka pansi pa nyumbayo migodi itatengedwa ndi boma mu 1947, ndipo nthaka itatitimira, mbali imodzi ya nyumba inatsika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Makoma anang'aluka, madzi a mvula anayamba kulowa m'zipinda, ndipo bedi laulemu linanyowa ndi kuwonongeka kufikira pamene linatumizidwa ku miyuziyamu ya Victoria and Albert ku London kuti likakonzedwe.

Simon atamwalira mu 1966, mng'ono wake Philip wachitatu, amene anagwirapo ntchito zosiyanasiyana kuphatikizapo ya zisudzo, anakhala m'nyumba yozizira ndi yodonthayo akuilondera yekha kuopa akuba. Popeza nayenso analibe mwana, mu 1973 anapereka nyumba, katundu ndi malo ku bungwe la National Trust, limene linakhazikitsidwa mu 1895 ndi cholinga chosunga malo okongola ndi nyumba za mbiri kuti zipindulire anthu onse, ndipo chimene anaumirira n'chakuti katundu wa m'nyumbamo asamwazike. Ndalama zokonzera zinachokera ku chipukuta misozi cha mapaundi 120,000 chimene bungwe la boma loyendetsa migodi ya malasha linapereka, ndiponso ku malo oyandikana ndi Wrexham amene anagulitsidwa pa mtengo wa pafupifupi mapaundi miliyoni imodzi kuti pamangidwe nyumba. Ntchito yolimbitsa maziko, kukonza denga ndi kusanja katundu inatenga zaka zinayi, ndipo nyumbayo inatsegulidwa kwa anthu mu 1977 ndi Prince Charles, amene tsopano ndi mfumu ya Britain. Philip wachitatu anamwalira mu 1978, ataona alendo akuyenda m'nyumba ya makolo ake.

Ntchito yosunga zinthu zakale

Alendo ambiri amadabwa ndi mdima wa m'zipinda za nyumba zotere, koma mdimawo ndi wadala, chifukwa kuwala ndiko kumawononga nsalu, mapepala ndi utoto kuposa china chilichonse, ndipo mtundu ukasuluka subwereranso. Osunga zinthu zakale amayeza kuwala ndi muyeso wotchedwa lux, ndipo pa nsalu ndi zithunzi zosachedwa kusuluka amayesetsa kuti kusapyole 50, n'chifukwa chake mawindo amakhala otchingidwa ndi makatani opyapyala ndipo maola otsegulira amakhala owerengeka. Chinyezi cha mumpweya chimayezedwanso tsiku ndi tsiku, popeza chikachuluka nkhungu imamera ndipo tizilombo tofumbwitsa matabwa timaswana, pamene chikachepa kwambiri matabwa amauma ndi kung'aluka ndipo golide amakanganuka. Njenjete zimasakidwa ndi timisampha tomata toikidwa m'makona, ndipo fumbi limachotsedwa ndi timaburashi tofewa m'malo mopukuta ndi nsanza, chifukwa kupukuta kobwerezabwereza kumadya pamwamba pa chinthu. Alendo saloledwa kugwira katundu kapena kukhala pa mipando chifukwa thukuta ndi mafuta a m'manja zimadetsa nsalu ndi kudyetsa zitsulo dzimbiri, ndipo zimene dzanja limodzi silingawononge, manja zikwizikwi pa chaka amawononga. M'nyengo yozizira zipinda zambiri zimatsekedwa, katundu amatsukidwa mmodzimmodzi ndi kuphimbidwa, monga momwe antchito akale ankachitira banja likachoka pakhomo kwa nthawi yaitali.

Mbiri ya Erddig imasonyeza kuti nyumba ya banja imafika kwa mibadwo yamtsogolo ili yathunthu ngati zinthu zingapo zachitika pamodzi: pakhale mbadwo umene unagula katundu wabwino, mibadwo yotsatira imene sinamutaye, zikalata zofotokoza kumene anachokera, ndi bungwe lokhala ndi ndalama komanso luso lomusamalira eni ake akatha. Imasonyezanso kuti zinthu zimene m'nthawi yake zinkaoneka zopanda pake, monga malisiti, zida zotha ntchito ndi mabuku a malipiro, ndizo zimathandiza wofufuza kuyankha mafunso amene katundu wamtengo wapatali sangayankhe. Choncho munthu woyendera nyumba yotere amapindula kwambiri akamafunsa m'chipinda chilichonse kuti ndani anagula chinthu chimene akuchiona, ndalama zake zinachokera kuti, ndani ankachisamalira tsiku ndi tsiku, ndiponso ndani anasankha kuti chisungidwe ndi kufotokozedwa m'njira imene chikufotokozedwera lero.